Ku Katori, kumene amaphunzira lupanga kuti asalisolole

Akonzi, ndiloleni ndigawireko awerengi anzanga zomwe ndinakaona ku Japan chaka chatha, makamaka makolo ndi amalume amene ali ndi anyamata okonda ndewu pakhomo.

Ine ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo ndinapatsidwa mwayi wokachita maphunziro a miyezi itatu a ulimi wa mpunga wothirira. Kutatsala sabata imodzi kuti ndinyamuke, mlongo wanga analawirira kwathu ali ndi mwana wake wa zaka 15. Mnyamatayo anali atamuimitsa sukulu kwa masabata awiri chifukwa chogulula mnzake dzino, ndipo kameneka kanali kachitatu kumenyana m'chaka chimodzi. Mlongo wanga sanachulutse mawu. Anangoti, "Achimwene, mwana wanu uyu." Amene anakulira kwathu kuno akudziwa kulemera kwa mawu amenewa, chifukwa mlandu wa mwana wa mlongo umagwera malume.

Ndinamukalipira monga timachitira, iye atangowerama. Koma atamva kuti ndikupita ku Japan, nkhope yake inawala. "Amalume, mukaphunzireko karate mudzandiphunzitse. Akangondiona azidzathawa." Ndinaseka, koma mumtima munandipweteka, poti nanenso pa msinkhu wake ndinkathera ndalama za sopo m'nyumba zoonetsa mavidiyo, n'kumatulukamo ndikuponda mateche mitengo ya mapapaya. Kwa ine ndi iye, Japan linali dziko la magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito amene timagula kunowa, komanso la anthu ouluka m'malere pomenyana.

Kumaphunziro kuja tinali ndi bambo ena amene ankatimasulira, a zaka za m'ma 50, odekha ndi olankhula motsitsa. Tsiku lina pa nkhomaliro ndinawafotokozera za mphwangayo. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandiuza kuti karate imene timaidziwayi si yakale kwenikweni m'dzikomo. Inachokera pa chilumba cha Okinawa, ndipo inayamba kudziwika mu Tokyo mu 1922. Judo nayo anaiyambitsa Kano Jigoro mu 1882. Anati ngati ndikufuna kuona luso lakale lenileni, ndiwaperekeze Loweruka kusukulu imene iwo akhala akuphunzirako kwa zaka zoposa 20. Dzina lake ndi lalitali ndithu: Tenshin Shoden Katori Shinto-ryu. Anaonjeza kuti tisanaone anthu akugwira malupanga, tiyambe takaona kumene sukuluyo inabadwira.

Loweruka lake tinakwera sitima ku Narita, tauni imene ili ndi bwalo lalikulu la ndege kum'mawa kwa Tokyo, m'chigawo cha Chiba. Unali mwezi wa Novembala, kuzizira kutayamba. Mpunga anali atakolola kale, moti m'madambo munali zitsa zokhazokha m'mizere yoongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Patatha mphindi pafupifupi 30 tinatsika ku Sawara.

Sawara ndi tauni yakale ya amalonda, ndipo kuyambira mu 2006 ili mbali ya mzinda wa Katori. Pakati pake padutsa kamtsinje kotchedwa Ono, kamene kamakathira mu mtsinje waukulu wa Tone. Kalelo mabwato ankanyamula mpunga, mowa ndi katundu wina kuchokera pano kupita ku Edo, lomwe ndi dzina lakale la Tokyo. M'mbali mwa kamtsinjeko mukadali masitolo ndi nkhokwe zamatabwa zakuda bii ndi ukalamba, zofolera ndi matailosi, ndipo ena mwa masitolowo akugulitsabe malonda. Anandionetsa nyumba ya Ino Tadataka, wamalonda amene atapuma pa ntchito anakaphunzira za nyenyezi ndi kuyeza malo. Mu 1800, ali ndi zaka 55, anayamba kuyenda wapansi m'mphepete mwa nyanja kuyeza dziko lonse, ndipo anachita zimenezi kwa zaka 17. Mapu ake a Japan anamalizidwa ndi ophunzira ake mu 1821, iye atamwalira kale. Bambo aja anamwetulira n'kunena kuti dera lino limabala nkhalamba zosafulumira, ndipo kumene tikupita ndikamva za ina.

Tinakwera takisi kwa mphindi zochepa kukafika pa kachisi wa Katori. Pakhomo pali timasitolo togulitsa timakeke ta ufa wa mpunga totunga pa kamtengo. Mukadutsa pamenepo mumalowa pa chipata chachikulu chofiira, n'kutsata njira yamiyala ing'onoing'ono yokwera pang'onopang'ono, nyali zamiyala zitandanda uku ndi uku. Mitengo yake ndi italiitali ngati mikungudza, ndipo phokoso la magalimoto limathera kunja. Musanafike pa kachisi weniweniyo mumasamba m'manja ndi kutsuka mkamwa pa chitsime chokonzedwera zimenezo. Nyumba yaikulu ya kachisiyo ndi yakuda, yonyezimira, yokongoletsedwa ndi golide, ndipo denga lake ndi la makungwa a mtengo. Inamangidwa mu 1700 molamulidwa ndi Tokugawa Tsunayoshi, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dziko nthawi imeneyo.

Kachisiyu ndi wa chipembedzo cha makolo a ku Japan chotchedwa Shinto, ndipo mulungu amene amamulemekeza pano ndi Futsunushi, amene amati ndi mwini lupanga ndi luso la nkhondo. Kutsidya kwa mtsinje wa Tone kuli kachisi mnzake wa Kashima, ndipo m'nyumba zambiri zophunziriramo masewera omenyana mu Japan mumapachikidwa maina a milungu ya malo awiriwa. Ine ndinangoima chapatali kuonerera anthu akuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Mlendo amayenera kusunga mwambo wa eni mudzi ngakhale sakupembedza nawo.

Chapambali, m'nkhalango, anandionetsa kamwala kozungulira kotchingidwa ndi mpanda wamiyala. Kamene kamaoneka pamtunda ndi kakang'ono, koti mwana akhoza kukhalapo, koma nthano imati mwalawo unazama kwambiri ndipo unapanikiza mlamba waukulu umene ukatakataka pansi pa nthaka umachititsa zivomezi. Ndinafuna kuseka, koma ndinakumbukira kuti chivomezi cha pa 11 Malichi 2011 chinaononga nyumba zakale za ku Sawara zimene ndinali nditangoziona kumene. Anthu okhala pa nthaka yogwedezeka ali ndi chifukwa chofunira mwala woigwira.

Kuchoka pamenepo tinayenda pang'ono n'kufika pa manda amodzi apansi pa mitengo, opanda chodzionetsera chilichonse. Bambo aja anavula chipewa n'kuwerama nthawi yaitali. Manda amenewa ndi a Iizasa Ienao, amene atakalamba ankadziwika ndi dzina loti Choisai. Anabadwa mu 1387 m'mudzi wa Iizasa, m'chigawo chomwechi, ndipo anamwalira mu 1488 atakwanitsa zaka zoposa 100. Anali msilikali wodziwa lupanga ndi mkondo. Mbiri imene amasunga pasukulupo imati atafika zaka 60 anasiya za nkhondo n'kudzabindikira pakachisiyu masiku 1,000, akupemphera, kudziyeretsa ndi kuyeserera zida usana ndi usiku. Pamapeto pake, akutero eni ake, Futsunushi anamuonekera ngati kamnyamata n'kumupatsa mpukutu wa luso la nkhondo. N'chifukwa chake dzina la sukuluyi limayamba ndi mawu akuti Tenshin Shoden, kusonyeza kuti chiphunzitsocho chinachokera kumwamba ndipo chinaperekedwa mosapotoza. Eni sukulu amati inayamba mu 1447, pomwe akatswiri ena a mbiri yakale amati ndi cha mu 1480. Kaya titenge chaka chiti, yatha zaka zoposa 500 isanatsekedwepo, ndipo ili m'gulu la sukulu zakale kwambiri za mtundu umenewu zimene zikadalipo.

Ienao anakhala ndi moyo pa nthawi yovuta. Mu 1467 nkhondo ya Onin inabuka mu Kyoto, likulu la nthawi imeneyo, ndipo inatha zaka 10. Pambuyo pake dziko linagawikana, mafumu ankhondo akulandana malo kwa zaka zoposa 100. Munthu wodziwa kuphunzitsa lupanga akanatha kulemera potumikira mfumu imodzi yamphamvu. Koma sukulu ya Katori sinadzimangirire kwa mfumu iliyonse, ndipo sinkalandira asilikali otchedwa samurai okha ayi. Alimi ndi amalonda nawonso ankaloledwa, bola asunge malamulo. Mafumu ankagwa ndi magulu awo ankhondo, koma sukulu imene inalibe mbali inatsala.

Titakhala pa benchi pafupi ndi mandawo, anandisimbira nthano imene ophunzira onse amaidziwa. Akuti akatswiri a lupanga ankabwera kuchokera kutali kudzaputa Ienao kuti amenyane naye, pofuna kutchuka. Iye sankakana ndipo sankavomera. Ankayala kamphasa pamwamba pa tinsungwi tating'ono tomera mothithikana, n'kukhalapo popanda tinsungwito kupindika, kenaka n'kuuza mlendoyo kuti adzakhale naye pompo, akatero ndiye amenyana. Mlendo ankayang'ana, n'kuzindikira kuti wakumana ndi wamkulu, ndipo ankabwerera kwawo wamoyo. Imeneyi ndi nthano, ndipo palibe amene anandikakamiza kuikhulupirira. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sukulu ya nkhondo inasankha kukumbukira mwini wake ndi nkhani imene mulibe dontho la magazi. M'Chijapani mawu akuti heiho akhoza kulembedwa m'njira ziwiri: ina imatanthauza luso la nkhondo, ina luso la mtendere. Chiphunzitso cha Ienao n'chakuti ziwirizi n'chimodzi, ndipo kupambana kwenikweni ndi kumene munthu amapambana osasolola lupanga. Kwathu kuno timati nkhondo simanga mudzi, koma sindinkayembekezera kukamva zofananazo kwa aphunzitsi a nkhondoyo.

Zaka zinabweretsa mayesero ena. Kuyambira 1603 mpaka 1868 banja la Tokugawa linalamulira dziko, ndipo nkhondo zikuluzikulu zinatha. Sukulu zambiri zinasintha n'kumaphunzitsa kumenyana kwa anthu ovala zovala wamba, koma ya Katori inasungabe njira zolimbanirana ndi munthu wovala malaya achitsulo a kunkhondo. Mu 1876 boma latsopano linaletsa samurai kuyenda ndi malupanga, ndipo sukulu zambiri zinafa chifukwa chosowa ophunzira. Japan atagonja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945, asilikali a Amereka amene anadzayang'anira dzikolo anaimitsa masewera oterewa kwa zaka zingapo. Pa zonsezi sukuluyi inapitirira mwakachetechete kumudzi. Utsogoleri wake unakhalabe m'banja la Iizasa, kuchoka kwa kholo kupita kwa wolowa m'malo, mpaka kufika pa mtsogoleri wa nambala 20, Iizasa Yasusada. Mu 1960 boma la chigawo cha Chiba linaiika m'gulu la chuma cha chikhalidwe choyenera kutetezedwa, ndipo inali sukulu yoyamba ya zomenyana kulandira ulemu wotere mu Japan.

Munthu amene anaidziwitsa kwambiri kunja ndi Otake Risuke, mlimi ndi woweta akavalo wa ku Narita. Anabadwa mu 1926, analowa sukuluyi mu 1942 ali ndi zaka 16, nkhondo ili mkati, anakhala mphunzitsi wamkulu kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira mu 2021. Mmodzi mwa ophunzira ake anali Donn Draeger, msilikali wakale wa ku Amereka amene analemba mabuku ofotokoza za luso lakale la nkhondo la ku Japan. Winanso wodziwika ndi Sugino Yoshio, katswiri wa judo amene anaphunziranso lupanga la Katori. Iyeyu ndiye anakonza kamenyedwe ka malupanga mu filimu yotchuka ya Kurosawa Akira ya mu 1954, Seven Samurai. Nditamva zimenezi ndinazindikira kuti ngakhale zina zimene tinkaonera m'mavidiyo zija zinali utsi chabe wa moto umene unasonkhedwa kuno.

Chakumadzulo tinabwerera ku Narita, n'kutenga galimoto ya bambo aja kulowera kumidzi. M'njira ndinaona chinthu chimene chinandikumbutsa kwathu: milu ya mtedza wozula itaunjikidwa m'minda kuti uume, uliwonse utavekedwa kachipewa pamwamba kuteteza mvula. Mtedza wambiri wolimidwa mu Japan umachokera ku Chiba. Pakati pa minda yoteroyo panali nyumba yamatabwa yophunziriramo, imene iwo amaitcha dojo. Anali atandipemphera kale chilolezo kwa mphunzitsi wa pamalopo, ndipo anandiuza malamulo atatu: ndivule nsapato pakhomo, ndisajambule, ndisalankhule.

M'katimo munali anthu osapitirira 20. Munali anyamata, amayi awiri, mzungu mmodzi ndi agogo ena a imvi mutu wonse. Onse anavala malaya a buluu wakuda ndi mabuluku otakasuka ngati siketi. Ndinafufuza malamba akuda ndi achikasu amene tinazolowera kuona, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wovala chizindikiro cha udindo. Panalibenso zikho kapena mamendulo pakhoma, chifukwa sukuluyi sichita mipikisano. Anagwada, anawerama moyang'ana kutsogolo kumene kunali kaguwa kakang'ono, n'kuweramirana okhaokha. Kenaka anatenga malupanga amtengo n'kuima awiriawiri.

Kuphunzira konse kumachitika kudzera m'ndondomeko zokhazikika zimene amazitcha kata. Kata ndi mndandanda wa kutema, kubaya, kulewa ndi kusuntha umene anthu awiri amautsatira monga momwe anausiyira makolo, osaonjezera kapena kuchotsera. Woyamba kumene amaphunzira kata zinayi za lupanga, ndipo maina ake ndi Itsutsu no tachi, Nanatsu no tachi, Kasumi no tachi ndi Hakka no tachi. Za Katori zimadziwika ndi kutalika komanso liwiro, chifukwa zinakonzedwa kuti munthu azolowere kumenyana nthawi yaitali osatha mpweya. Phokoso lake linali ngati la amayi ambiri akusinja pamtondo umodzi, kuphatikizapo mfuu yochokera pansi pa mimba. Malupanga ankadutsa pafupi ndi nkhope moti ine ndinkaphethira, koma eni ake maso ali gwa.

Poyamba ndinkaona ngati akungomenyanitsa mitengo. Pa nthawi yopuma bambo aja anandifotokozera zimene zili zololedwa kuuza mlendo, zomwenso zinalembedwa m'mabuku. Anati pamene ndikuona lupanga likutchinga linzake, pankhondo yeniyeni sipakhala kutchinga, chifukwa lupanga lachitsulo likamenyana ndi linzake limabenthuka. Kutchingako kwabisa kutema. Amaima motalikirana pang'ono dala kuti mtengo ugunde mtengo m'malo mogunda thupi, ndipo potero kata imapitirira popanda wovulala, komanso mlendo wobwera kudzaba luso amangoona chikopa chake. Ndinakumbukira kamwala ka mlamba kaja, kamene mbali yake yaikulu ili pansi pa nthaka.

Malo amene amalunjika si pamutu kapena pachifuwa monga m'mafilimu, poti pamenepo msilikali wakale ankavala chitsulo. Amafuna mipata imene malaya achitsulo amasiya kuti munthu athe kupinda thupi: m'mbali mwa khosi, m'khwapa, kunsi kwa mkono pafupi ndi dzanja, m'chiuno ndi mkati mwa ntchafu, momwe mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Ngakhale katemedwe kawo kali ndi chifukwa. M'malo mokweza lupanga kumbuyo kwa mutu, amalizunguliza pamwamba pa mkono wamanzere n'kuligwetsa mwamphamvu, chifukwa chisoti cha kunkhondo chinali ndi nyanga ndi zokongoletsa zimene zikanakola lupangalo. Aliyense m'chipindamo ankasuntha ngati wavala zida zimene palibe wavalapo kwa zaka mazana.

Atatha malupanga anatenga zida zina. Panali ndodo yotalika pafupifupi mamita 1.8, imene amaigwira uku ndi uku moisinthasintha, mbali zonse ziwiri zikugwira ntchito. Panali chida chotchedwa naginata, chomwe ndi mtengo wautali wokhala ndi mpeni wokhota kunsonga, chimene amatema nacho mozungulira ngati munthu akutchetcha udzu. Ophunzira akale amaphunziranso mkondo, lupanga lalifupi, malupanga awiri nthawi imodzi, kugwetsana ndi manja komanso kuponya timisomali tachitsulo. Pamwamba pa zonsezi pali maphunziro a kamangidwe ka malinga, kayendetsedwe ka gulu lankhondo, kuwerenga nyengo ndi nyenyezi, ndi kudziteteza kwa akazitape. Sinali sukulu ya ndewu ya pamsewu, koma yokonza munthu woti atsogolere ena pa nthawi ya zoopsa.

Chimene chinachititsa kuti m'chipindamo mukhale zii ndi luso losolola lupanga m'chimake, limene amachita munthu payekha ndi lupanga lachitsulo. Agogo aja ananjuta, bondo limodzi lili pansi, thupi lili tcheru. Mwadzidzidzi anadumpha, lupanga lili kale m'manja, anatema, anatera pa bondo, analizunguliza n'kumenya chigwiriro ndi nkhonya ngati akukutumula magazi, kenaka analibwezera m'chimake pang'onopang'ono osayang'anapo. Za chonjuta zoyambirira zilipo zisanu ndi chimodzi, za choimirira zisanu. Chifukwa chonjutira n'choti usiku munthu amene ali pansi saoneka msanga, pomwe iye amaona mdani ngati chithunzithunzi kuthambo. Ine amene ndinali nditakhala pansi kwa ola limodzi lokha miyendo inali itachita dzanzi.

Koma pa zonse zimene ndinaona, chimene ndabwera nacho kuno ndi ichi. Pa awiri alionse, mmodzi amakhala wakale, wina watsopano. Kata iliyonse imatha ndi mmodzi atagonja, lupanga la mnzake litaima pakhosi kapena pamutu pake. Wogonjayo ndi wakale uja. Iye ndiye amatsogolera, amapereka mpata, amaonjezera liwiro akaona kuti mwana wakhwima, amachepetsa akaona kuti wasokonezeka, ndipo pamapeto amalola kuphedwa. Ndinaona agogo aja akugonja kwa mnyamata wa msinkhu wa mphwanga kokwana kasanu ndi kawiri motsatizana. Nthawi iliyonse ankawerama, kumukonza phewa kapena phazi ndi dzanja, n'kuyambiranso. Sanakweze mawu ngakhale kamodzi.

Pobwerera usiku ndinalimba mtima n'kupempha bambo aja kuti andionetse njira ziwiri kapena zitatu zokha, zoti ndikamusonyeze mphwanga kuti asamati malume anapita ku Japan n'kubwerako chimanjamanja. Iwo anakana mwaulemu, koma mosasiya mpata. Anandifotokozera kuti aliyense wolowa sukuluyi amachita lumbiro lotchedwa keppan. Amalemba dzina lake pa pepala la malamulo, amadzicheka pang'ono chala n'kudinda magazi ake pansi pa dzinalo. Mwa zina amalonjeza kuti sadzaulula kapena kuonetsa zimene waphunzira popanda chilolezo, ngakhale kwa kholo kapena mwana wake. Sadzakangana ndi anthu kapena kuchita mwano. Sadzatchova juga kapena kupita kumalo oipa. Ndipo sadzayesana mphamvu ndi a sukulu zina asanapatsidwe chilolezo. Chilolezocho chimabwera m'mipukutu itatu yotchedwa mokuroku, menkyo ndi gokui kaiden, ndipo kuchoka pa umodzi kufika pa unzake pamatenga zaka zambiri. Pofika nthawi imene munthu waloledwa kumenyana, anatero akuseka, chilakolako chomenyana chimakhala chitatha kale.

Ndinachita manyazi pang'ono, koma ndinamvetsa. Luso loopsa chotere akanamaligawa ngati mtedza wokazinga, bwenzi litathera m'manja mwa anthu a mitima yapachala, ndipo boma lina likanalithetsa kalekale. Chasunga sukuluyi zaka 500 si kuchuluka kwa anthu amene inagonjetsa ayi, koma kuti isanapatse munthu lupanga imayamba yamanga dzanja lake ndi lonjezo, kenaka n'kumupatsa wamkulu woti aziima naye maso ndi maso sabata ndi sabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kumeneko kudekhako ndiye phunziro loyamba ndi lomaliza.

Nditafika kumudzi, mphwanga anali woyamba kudzandilandira chikwama. Sanadikire n'komwe kuti ndimwe madzi. "Amalume, karate ija?" Ndinamuuza kuti ndabwera chimanjamanja, ndipo nkhope yake inagwa. Madzulo ake tinakhala pakhonde awiriwiri, ndipo ndinamusimbira za manda a pansi pa mitengo, za kamphasa ka pa tinsungwi ndi za agogo ogonja kasanu ndi kawiri. Za tinsungwi anaseka n'kunena kuti ndi bodza. Za agogo aja anakhala chete, kenaka anafunsa chifukwa chimene munthu wodziwa angalolere kugonja kwa mwana. Ndinamuyankha kuti nanenso funso limenelo landisowetsa tulo, chifukwa kuyambira pamene bambo ake anachoka pakhomo, ine ndakhala ndikubwera kwawo pokhapokha akalakwa, kudzakalipa n'kubwerera.

Tinagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, Loweruka lililonse azibwera kudimba kwanga tizigwira ntchito limodzi, ndipo pobwerera azindiuza zimene zamupsetsa mtima sabata imeneyo, ine osamudula mawu. Chachiwiri, ndinamulola kuti akalowe kalabu ya karate ya kutauni kwathu, koma ndinayamba ndapita ndekha kukaonana ndi mphunzitsi wake ndi kuonerera momwe amachitira ndi ana. Tisanalipire ndalama ya mwezi woyamba, mnyamatayo analemba m'kope, pamaso pa mayi ake, kuti tsiku limene adzatambasule dzanja pa mnzake kusukulu, kalabu yathera pomwepo. Magazi sitinadinde, cholembera chinakwanira.

Makolo anzanga, mwana akapempha kuphunzira zomenyana musafulumire kukana, komanso musangomupatsa ndalama n'kumusiya. Pitani mukaone mphunzitsiyo. Muone ngati ana amapatsana ulemu asanayambe ndi akamaliza, ngati akuluakulu amasamala ang'onoang'ono, ndiponso ngati pali lamulo la zimene mwana sayenera kuchita akatuluka pakhomopo. Mukapeza mphunzitsi wonyadira kuti ana ake amaopedwa m'tauni, mutengeni mwana wanu mubwerere naye.

Teremu yatha mphwanga anamaliza popanda kalata yochokera kwa ahedi. Kope lija amasunga mayi ake m'chikwama cha zikalata za chipatala. Loweruka lapitali tinali kudimba kuokera mpunga, ndipo iye anandiposa ndi mizere itatu. Ndinamuuza kuti tiyambirenso.